Mpingo M'chigafa cha Gosse

Gosse Ypes ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri. Ndi mlimi wa ng'ombe zamkaka m'mudzi mwathu muno ku Friesland, mbale wobatizidwa mumpingo wa Amenonaiti. Sanakhalepo mlaliki, sanakhalepo mkulu wa mpingo, ndipo maudindowo sanawafunepo. Chimene wakhala akufuna kuyambira ali mnyamata ndi chimodzi: kuti mpingo utuluke m'chigafa chake.

Mpingo wathu sunayambire m'chigafamo. Nthawi ya agogo athu, pamene munthu wobatizidwa atakula ankaphedwa, unkakumana pamadzi. Anthu ankapalasa kulowa m'bango, n'kumangirira mabwato awo pamodzi, mlaliki n'kumalankhula monong'ona, nyimbo osaimba. Kuphana kutachepa anasamukira kukhitchini kwa mayi wina wamasiye. Khitchini itachepa anapita kuchigayo cha mphepo, mpaka mwini chigayo anachita mantha n'kuwauza kuti afune kwina. Apo ndi pamene Ype, bambo ake a Gosse, anaimirira n'kunena kuti, "Bwerani kwanga mpaka chisanu chithe." Gosse anali asanamere ndevu. Amati mlendo ndi mame. Mame amenewa dzuwa linawalephera.

Ype atamwalira, Gosse analandira famu, ng'ombe, ndi mpingo womwe.

Chigafacho n'chachikulu, chofolera ndi bango. Mbali ina kumagona ng'ombe, mbali ina kumaunjikidwa udzu wouma woti zidye nyengo yonse yachisanu, ndipo pakati pali bwalo loimikapo ngolo. Mpingo unatenga bwalolo. Utakula unatenganso gawo limodzi la udzu. Abale ankaona ngati akubwereka malo a tsiku limodzi pasabata, koma kwa Gosse sizinali choncho. Loweruka ankatulutsa ngolo, kusesa, kupala ndowe kuti fungo lichepe, n'kutsitsa mabenchi. Lolemba ankabweza zonse. Gawo la mpingo linkakhala lopanda kanthu sabata yonse, chifukwa udzu suunjikidwa lero n'kuchotsedwa Loweruka. Udzu umene unayenera kukhala m'gawolo unkakhala panja, ndipo mvula ya kuno siimva chisoni. Theka unkawola. Chisanu chikamatha ng'ombe za Gosse zinkatuluka nthiti zili pamtunda.

Ndiye panali timbaula. Mayi aliyense ankabwera ndi kambaula kake ka makala, n'kukaika pansi pa mapazi, n'kukaphimba ndi siketi. Makala amoto pansi, udzu wouma m'mbali. Gosse ankakhala benchi ya kumbuyo, ndowa ya madzi ili pakati pa miyendo. Popemphera ena ankatsinzina, iye ankayang'ana pansi pa mabenchi. Maulaliki amene anawamva kuyambira poyamba mpaka pomaliza m'chigafamo ndi owerengeka.

Mwambo wathu ndi woti nkhani ya mpingo simatha mpaka mbale aliyense avomere. Mmodzi akakana, nkhaniyo yagona mpaka chaka china. Gosse ankaidzutsa chaka chilichonse akatha kumweta, ndipo chaka chilichonse wokana anali yemweyo: Sibren, woluka nsalu, mkulu wa mpingo, mchimwene wake wa Renske, mkazi wa Gosse. Sibren ndi munthu wowonda, wosadya za mwini, wosanama. Jekete yake ilibe mabatani chifukwa amati batani ndi kunyada.

"Abale, nkhani ya malo," Gosse ankayamba motero.

"Yabweranso," wina ankatero, anthu n'kuseka.

"Yabweranso chifukwa simunachoke."

Sibren ankadikira kuti phokoso lithe. "Alamu, Ambuye anabadwira kuti?"

"M'khola."

"Ndiye ife ndife ndani kuti tinyansidwe ndi khola?"

"Anabadwiramo, alamu, koma sanakhazikikemo. Mwini khola uja anamubwezera khola lake."

"Mukusewera ndi Malemba."

"Ine sindikusewera. Pitani mukaone ng'ombe zanga ngati zikusewera."

"Lero nyumba, mawa belu, mkuja nsanja, mtondo mlaliki wolipidwa ngati kumpingo wa boma. Ine ayi."

Nkhani inkathera pomwepo. Gosse akafika kunyumba akung'ung'udza, Renske ankamupatsa phala lake n'kunena kuti, "Idyani, bambo a Foekje. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Achimwene munawadziwa musanandifunsire."

Zinayenda choncho mpaka Gosse anachita imvi, mwana wawo Foekje anakwatiwa n'kupita.

M'chaka cha 1664 mvula sinakate nyengo yonse yomweta. Udzu wa panja unawola wonse. Chisanu chisanathe Gosse anapha ng'ombe zimene sakanazipha, zina zili ndi bere. Pamsonkhano wotsatira sanayambe ndi mawu. Analowa ndi mtolo wa udzu wakuda, wonunkha, n'kuuponya pamapazi pa akulu a mpingo.

"Chopereka changa ndi chimenecho," anatero. "Kuseri kwa chigafa kuli malo. Ndapereka. Mitengo ndapereka. Manja anga ndapereka. Chimene ndikupempha n'choti mutuluke."

Hessel, wogula batala, munthu wa bwato lalikulu ndi pakamwa potakasuka, anati njerwa adzatuta yekha. Anatinso anafunsafunsa kale ku boma, ndipo boma linkalola nyumba yotere bola isaonekere kumsewu ndipo isakhale ndi belu. Maso onse anapita kwa Sibren. Iye anayang'ana udzu uja nthawi yaitali.

"Isatchedwe tchalitchi," anatero pomaliza. "Ikhale nyumba yolangizirana."

"Ndavomera," anatero Gosse.

"Mabenchi akhale omwewa. Pansi pakhale mchenga."

"Ndavomera."

"Ndipo musakhale gome. Mlaliki aziima pamene tonse taima. Mbale sakwera pamwamba pa mbale mnzake."

"Alamu, ngakhale mutati tizipemphera titaima ndi mwendo umodzi, ndavomera."

Anamanga chaka chotsatira. Gosse ankakama ng'ombe mothamanga kuti akagwire njerwa. Anthu anamumva akuimba mluzu, chinthu chimene palibe anali atachimvapo. Nyumba inatha masamba akuyoyoka: yaing'ono, yopanda chokongoletsa, yobisika kuseri kwa chigafa moti wodutsa pamsewu sakanaidziwa.

Koma malo a kuseriko ndi otsika. Kale panali dziwe. Mvula itabwerera, madzi anayamba kutulukira mumchenga chakutsogolo, pamalo penipeni poima mlaliki. Mlaliki wathu nthawi imeneyo anali Wopke, msodzi wokalamba, wamfupi, wa chifuwa chosatha. Gosse anapondapo, nsapato yake yamtengo inamira yonse. Sanaganize kawiri. Anagoneka mitanda iwiri, n'kuyalapo matabwa otsala, n'kukhoma. Kukwera kwake kunali ngati chikhatho chimodzi.

Renske anamupeza akumaliza, atamubweretsera buledi ndi tchizi.

"Ichi n'chiyani, bambo a Foekje?"

"Matabwa."

"Maso ndili nawo. Achimwene aziona?"

"Achimwene anu saima pamenepa. Amaimapo ndi a Wopke, ndipo chifuwa chawo mukuchidziwa."

"Mukanafunsa."

"Ndikafunsa, yankho libwera chaka chamawa a Wopke ali kumanda."

Renske anaika buledi pabenchi. "Ine ndanena," anatero, n'kutuluka.

Loweruka limenelo Gosse sanatulutse ngolo. Anaisiya pabwalo pake m'chigafa, n'kuiyang'ana kwa kanthawi ngati akuona mwana wobadwa kumene. Lamulungu anakhala m'nyumba yatsopano wopanda ndowa, osadziwa kuti manja awaike pati.

Anaimba nyimbo. Wopke ananyamuka kupita kutsogolo. Mchenga sulira, koma thabwa limalira. Nsapato zamtengo zinati gu, gu, ndipo aliyense anadzutsa mutu. Sibren anaimirira.

"Mbale Wopke, tsikani."

Wopke anayang'ana kumapazi kwake. "Nditsike kuti? Kodi ndakwera?"

"Mwakwera gome."

"Si gome limenelo, alamu," anatero Gosse ali kumbuyo. "Pansipo pali matope."

"Lili pamwamba pa mchenga kapena ayi?"

"Lili pamwamba pa madzi."

"Tinapangana chiyani, alamu? Munavomera ndi pakamwa panu, abale onse akumva."

Gosse akanayankha bwino mwina zikanatha. Koma Hessel anamutsogolera. "A Sibren, khalani pansi inu. Ngakhale ndi matabwa omwewo a Wopke sakukufikani paphewa."

Anthu anaseka. Chimene chinaswa mpingo wathu ndi kuseka kumeneko. Sibren amapirira mtsutso tsiku lonse, koma kusekedwa sapirira. Anavala chipewa chake. "Amene akusunga pangano anditsate," anatero.

Ananyamuka pafupifupi theka, atanyamula mabenchi awo. Renske ananyamuka pomalizira, osayang'ana mwamuna wake. Gosse anapita pazenera. Anawaona akudutsa pabwalo, akutsegula chitseko cha chigafa, amuna akukankhira ngolo yake panja pamvula.

Lolemba m'mawa Gosse anatenga chitsulo chozulira misomali. Anapeza Hessel atakhala pamatabwapo, mikono atapinda.

"Dzukani, a Hessel, ndizule zimenezi."

"Simuzula."

"Ndinakhoma ndine."

"Munakhoma m'nyumba ya mpingo, ndiye ndi za mpingo. Kuchotsa kufunika abale onse avomere. Ine ndakana."

"Pokhoma sindinafunse munthu."

"Ndiye munalakwa kamodzi. Musalakwe kawiri." Hessel anagunda thabwa ndi chidendene. "Tamverani, mbale. Tikazula lero, mawa mlamu wanu abwera kudzatiyeza zipewa. Mkazi wanga anamuletsa mgonero chifukwa cha mphonje za pampango. Mphonje! Tamupirira mokwana."

"Za mphonje ine sindikuzidziwa. Ndikufuna chigafa changa."

"Limbani mtima. Inu mwaimira choonadi."

"Ine ndinangophimba matope."

Gosse ndi munthu wadzitho. Akanamunyamula Hessel ngati thumba la nyemba n'kumuika panja. Koma ife sitigwira mbale mwankhondo, ndipo Gosse anabwerera ndi chitsulo chake. Anadikira tsiku la msika, Hessel atapita ndi batala, n'kukazula matabwa onse masanasana. Anawanyamula mpaka pakhomo pa Sibren kuti awaone ndi maso. Sibren anati aona Lamulungu.

Lamulungu lisanafike, Hessel anabwera ndi kalipentala wa kutauni. Anakhoma matabwa atsopano, opala bwino, okwera kawiri kuposa oyamba aja, n'kuikanso kopondera. Sibren anasuzumira pakhomo, anaona, n'kubwerera m'chigafa. Anauza anthu ake kuti mlamu wake wamupusitsa.

Gosse anamutsatira kunyumba kwake. Anamupeza akuluka, ndipo Sibren sanaimitse ntchito.

"Alamu, ndabwera kudzalapa. Nenani mawu oti ndinene, ndinena."

"Kulapa si mawu."

"Ndinazula. Munaona ndi maso anu."

"Ndaona lina lalitali."

"Limenelo si langa!"

"Lili pamalo anu, m'nyumba imene munaiumirira inu. Ndinanena kuti zidzafika pamenepa. Ndinanama?"

Pa mfundo imeneyo Sibren sananame.

"Khomo lobwerera lilipo," anapitiriza Sibren. "Tulukani m'nyumba ija. Bwererani kwa ife m'chigafa. Muimirire pamaso pa abale, muvomere kuti mtima wofuna nyumba ndi umene unabala gome, ndipo mulonjeze kuti nkhani ya malo simudzaitchulanso."

"Mpaka liti?"

"Mpaka kalekale."

Gosse anaima pamenepo chipewa chili m'manja. Kuvomera kunali kubweza mkazi wake ndi mtendere wa pakhomo. Kunalinso kupereka chigafa mpaka imfa, ndi pakamwa pake pomwe. Kwathu lonjezo ndi lonjezo. Sitilumbira, choncho inde wa munthu ndiye chingwe chake.

"China chilichonse, alamu," anatero. "Koma chimenecho ayi."

Anamudula. Anadulanso Hessel, Wopke ndi onse a m'nyumba yatsopano. Kwa gulu la Sibren wodulidwa amasalidwa: sadya naye, sagula kwa iye, salandira kanthu kuchokera m'manja mwake, ngakhale ali mwamuna wako.

Tsiku lotsatira masana Gosse analowa kukhitchini n'kupeza matebulo awiri. Renske anali atatenga katebulo ka m'chipinda cha mkaka n'kukaika pafupi ndi chitseko. Phala la Gosse linali pamenepo.

"Phala langa likutani uko?"

"Mukudziwa."

"Ndi phala lomweli?"

"Mphika ndi umodzi. Za mphika achimwene sananene."

"Nanga za bedi?"

"Za bedi ananena. Ndizigona pamene ankagona Foekje paja."

Gosse anakhala pakatebulo kaja. Mawondo sanakwane pansi pake. "Mayi a Foekje, zaka zonsezi, chifukwa cha matabwa?"

"Mukuganiza kuti ine zikundikomera? Pobatizidwa ndinalonjeza kumvera mpingo."

"Mpingo uti? Ilipo iwiri pabwalo panga."

"Umene sunasunthe."

"Ndikhoma chitseko cha chigafa. Ndi changa. Ndikhoma lero lomwe."

"Khomani," anatero Renske, osakweza mawu. "Tizipemphera panja pamvula. Ine ndi chifuwa changachi sindifika nyengo yomweta. Idyani, likuzizira."

Anatengadi thabwa ndi misomali. Anafika nazo pachitseko cha chigafa, anaima, n'kubwerera. Khoswe wa pamkhate sapheka. Anayesa njira ina: Loweruka sanasese, sanatsitse mabenchi, anangopita kubusa. Pobwera anapeza Renske ali pamakwerero, benchi ili paphewa. Amuna a gulu lake anali kuntchito zawo, monga mwa nthawi zonse.

"Tsikani apo, muthyoka."

"Ndithyoke, ndi ntchito ya Mulungu."

"Ndati tsikani."

Anatsika. Gosse anakwera, n'kutsitsa mabenchi onse, akuwaika pansi chifukwa Renske sakanawalandira m'manja mwake. Kenako anatulutsa ngolo. Kenako anasesa. Kuyambira Loweruka limenelo sanasiyenso.

Anayesabe kumbali ya Hessel. Chaka ndi chaka ankaimirira m'nyumba yatsopano n'kunena kuti, "Abale, nkhani ya matabwa." Anthu ankaseka, Hessel ankakana, nkhani n'kugona. Chaka china Gosse anakumba ngalande kuzungulira nyumbayo, yekha, madzi onse n'kuchoka. Anaitana abale kuti aone kuti pansi pauma ndipo matabwa alibenso ntchito.

"Matope atha," anatero. "Tichotse."

"Nkhaniyi si ya matope," anatero Hessel.

"Inayamba ndi matope."

"Kumeneko ndi kale."

Anaitanitsa akulu a mipingo ya kutali kuti adzayanjanitse. Anabwera pabwato, anadya kwa Gosse, patebulo lalikulu ena, pakatebulo ena, malinga ndi mbali imene aliyense ankaikonda. Anayeza matabwa ndi chikhatho, anawerenga Malemba, anakangana okhaokha, n'kubwerera m'mabwato awiri.

Wopke anamwalira chisanu chachiwiri, ndi chifuwa chake chomwecho. Asanafe anauza Gosse kuti mapazi ake sanazizidwepo pamatabwa paja, ndipo anathokoza. Palibe wina amene anathokozapo. A m'chigafa sanafike kumanda. Anaima kutsidya kwa ngalande, zipewa zili m'manja.

Papita zaka zingapo tsopano. Sibren akadali moyo, maso anachita khungu, amabwera atamugwira dzanja. Hessel anakongoletsa gome lija ndi chotsamira. Renske amaphikira mwamuna wake, amamuchapira, amamukalipira akaiwala mpango wa m'khosi, koma sadya naye. Lamulungu amatulukira khomo limodzi, mkazi n'kukhotera kuchigafa, mwamuna kunyumba yolangizirana. Tsiku limenelo Gosse saloledwa kulowa m'chigafa chake mpaka mapemphero atha. Magulu awiriwa amaimba nyimbo za m'buku limodzi, ndipo mphepo ikachokera kumadzulo amasokonezana.

Gulu la m'chigafa lakula, ana a anthu abatizidwa. Mwezi watha anatuma Renske kuti akapemphe gawo lachiwiri la udzu, poti mabenchi sakukwana. Gosse anangotulutsa udzu m'gawolo. Udzu wa chaka chino uli panja.